Basela wa M'ndege ndi M'mahotela

Aliyense wodziwa kugula pamsika amadziwa basela. Mayi wogulitsa tomato akakuwerengerani milu itatu amatola tomato mmodzi kapena awiri n'kuponya m'jumbo mwanu. Wogulitsa usipa naye akadzaza mbale amatapanso pang'ono ndi zala n'kuwonjezera. Ena amati banyira, achinyamata a m'tauni amati pulaizi, koma cholinga n'chimodzi: mawa mukafuna ndiwo mudzalunjike pa benchi lomwelo, musakaime kwa mnzake. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wogulitsa uja sanataye tomato wake, waika.

M'nkhani ino ndikufuna tione momwe nzeru yapamsikayi inakwerera ndege n'kulowanso m'mahotela akuluakulu a dziko lapansi. Kumeneko basela amamutcha mamailosi kapena mapointi. Munthu akakwera ndege kapena kugona m'hotela amamulembera manambala m'kaundula, ndipo manambalawo akachuluka amatha kuwasinthanitsa ndi tikiti yaulere kapena chipinda chaulere. Mchitidwewu watha zaka zoposa 40 tsopano, ndipo wasintha kwambiri moti amene anauyambitsa sangauzindikire msanga. Ndikudziwa kuti ambiri a ife ndege timangoionera m'mwamba. Komabe nkhaniyi ndi yathu, chifukwa ena mwa matikiti amene amabala mamailosiwa amagulidwa ndi misonkho yathu, komanso chifukwa nyambo yomweyi inatipeza kale m'mafoni ndi m'masitolo athu.

Mbiriyi inayambira pa masitampa. Mu 1896 kampani ya ku America yotchedwa Sperry and Hutchinson inayamba kusindikiza timasitampa tobiriwira n'kumatigulitsa kwa eni masitolo. Wogula akalipira katundu ankapatsidwa masitampa molingana ndi ndalama zimene wawononga. Akafika kunyumba ankawamata m'kabuku, ndipo timabuku tikadzaza ankakatisintha ndi mapoto, mawotchi, mabulangete ngakhale njinga. M'zaka za m'ma 1960 malondawa anakula mpaka kampaniyo inkadzitama kuti imasindikiza masitampa ochuluka katatu kuposa positi ofesi ya dziko lonse la America. Ku Britain kunabwera masitampa a Green Shield mu 1958, ndipo masitolo a Tesco anayamba kuwapereka mu 1963. Koma pafupifupi sitolo iliyonse itayamba kupereka masitampa, panalibenso chosiyanitsa sitolo ina ndi inzake. Mitengo ya zinthu itakwera m'zaka za m'ma 1970, anthu anafuna katundu wotsika mtengo osati ntchito yomata mapepala, ndipo Tesco inawasiya mu 1977. Mfundo imodzi tiisunge. Kampani yosindikiza masitampa inkalandiriratu ndalama kwa eni masitolo, mphoto n'kudzapereka pakapita miyezi kapena zaka, ndipo masitampa otayika kapena oiwalika m'madilowa anali phindu lake. Nzeru imeneyi tikumana nayonso kutsogoloku.

Pa nthawi imene masitampa ankazilala, makampani a ndege a ku America analibe chifukwa chonyengerera munthu. Kwa zaka pafupifupi 40 bungwe la boma, Civil Aeronautics Board, ndilo linkagamula mitengo ya matikiti ndi njira zimene kampani iliyonse iziyenda. Makampani ankangopikisana pa chakudya ndi ulemu wa m'ndege. Mu Okutobala 1978 pulezidenti Jimmy Carter anasainira lamulo lochotsa ulamuliro umenewu. Zotsatira zake zinali ngati za pa depoti ya maminibasi, aliyense kukokera munthu kwake. Kunatulukira makampani atsopano a mitengo yotsika, ndipo makampani akale anachita mantha kuti makasitomala awo, makamaka a bizinesi amene amauluka sabata ndi sabata, awathawa.

Kampani yaing'ono ya Texas International ndiyo inayamba, mu 1979, kuwerengera anthu mtunda umene auluka n'kumawapatsa mphoto. Koma amene anaikhazikitsa nzeruyi ndi American Airlines motsogozedwa ndi Robert Crandall. Kampaniyi inali ndi kompyuta yaikulu yosungira malo a okwera yotchedwa SABRE. Anafufuza m'kompyutamo n'kupeza anthu amene amabwerabwera, ndipo pa 1 Meyi 1981 anatsegula ndondomeko ya AAdvantage. Pasanathe masabata awiri United Airlines inayambitsa yake, Mileage Plus, ndipo chaka chisanathe Delta ndi TWA zinalowa m'bwalo. British Airways inatsegula Executive Club mu 1982, Air Canada inatsegula Aeroplan mu 1984. Lamulo lake linali losavuta ngati masamu a sitandade 2: wauluka mailo imodzi, walembedwa mailo imodzi. Panalinso mndandanda wosindikizidwa woonetsa kuti mamailosi akutiakuti agula mphoto yakutiyakuti. Munthu ankadziwa chimene akusungira ndi tsiku limene adzachipeze.

Mphika umenewu unakhazikika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba linali mpando wopanda munthu. Masiku amenewo ndege za ku America zinkauluka mipando pafupifupi inayi mwa khumi ili yopanda anthu. Mpando wa m'ndege uli ngati nsomba yaiwisi padzuwa. Ndege ikanyamuka uli wosagulidwa, wawola, sungaugulitsenso mawa. Choncho kuupereka kwaulere kunkangodya kampani ndalama ya chakudya ndi mafuta ochepa, pomwe wolandirayo ankaona kuti wapatsidwa chinthu cha madola mazanamazana. Fuwa lachiwiri linali lakuti wokwera si amene amalipira. Munthu wa pantchito tikiti amamugulira abwana ake, koma mamailosi amalowa m'dzina la iye mwini. Ndiye posankha ndege sayang'ana yotsika mtengo, amayang'ana imene imufikitse msanga pa tikiti yaulere yopitira kutchuthi ndi banja lake. Fuwa lachitatu linali maina. Kale kampani inkangodziwa kuti yanyamula anthu angati. Tsopano inadziwa kuti anthuwo ndani, amakhala kuti, amapita kuti ndipo kangati pachaka.

Posakhalitsa anawonjezerapo ulemu. Anagawa mamembala m'magulu a siliva, golide ndi pulatinamu. Wa golide saima pamzere wautali, katundu wake amatuluka poyamba, amadikira ndege m'chipinda chapadera chokhala ndi chakudya, ndipo mwayi ukapezeka amamusamutsira ku mipando yakutsogolo. Ulemuwu ndi wa chaka chimodzi, chaka chamawa ayenera kuukhetsera thukuta mwatsopano. Mpake kuti kunabadwa anthu amene mu Disembala amakwera ndege kupita kumene alibe chochita n'kubwerera tsiku lomwelo, pongofuna kukwanitsa mtunda kuti khadi lagolide lisawapulumuke. Munthu amapirira zambiri pofuna kutchedwa bwana, ndipo eni ndege anaidziwa bwino mtima umenewu.

Eni mahotela sanachedwe kutengera. Mu 1983 Holiday Inn inayambitsa Priority Club, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho Marriott inayambitsa Honored Guest Awards. Hilton ndi Hyatt zinatsatira mu 1987. Mfundo yake ndi yomwe ija: chipinda chimene chagona chopanda munthu usiku uno sichidzabweza ndalama ya usiku umenewo. Kusiyana kwake n'kwakuti mahotela ambiri okhala ndi maina otchukawa si a makampaniwo. Nyumba imakhala ya munthu wina amene amangobwereka dzina n'kumalipira. Mlendo wa khadi akagona, mwini nyumba amapereka kachigawo ka ndalamayo ku thumba la mapointi, ndipo mlendo wina akabwera kudzagona ndi mapointi, thumbalo limamubwezera mwini nyumbayo kangachepe. Mu 1999 Starwood, mwini wa maina a Sheraton ndi Westin, inagwedeza anzake polonjeza kuti bola chipinda wamba chilipo, membala achipeza ndi mapointi tsiku lililonse, ngakhale pa Khrisimasi.

Kusintha kwakukulu koyamba kunadza ndi mabanki. Mu 1987 banki ya Citibank inagwirizana ndi American Airlines kutulutsa khadi la ngongole limene dola iliyonse yogulira zinthu inkabala mailo imodzi. Apa awerengi tidekhe pang'ono. Banki imagula mamailosi kwa kampani ya ndege ndi ndalama zenizeni, n'kumawagawira makasitomala ake kuti azikonda khadilo. Bankiyo imabweza ndalama yake kudzera pa kachigawo kamene eni masitolo amadulidwa pa malonda alionse a pakhadi, pa ndalama ya pachaka imene mwini khadi amalipira, ndi pa chiwongoladzanja. Eni masitolo nawo amakankhira mtengowo pa katundu, moti ngakhale wogula ndi ndalama yapamanja, amene sanapondepo m'ndege, amasonkhako pa tikiti yaulere ya mnzake. Kuyambira pamenepo kampani ya ndege inasanduka Sperry and Hutchinson wina: kupanga manambala popanda thukuta, kulandiriratu ndalama, mphoto n'kudzapereka mtsogolo. Makampani obwereketsa galimoto, a matelefoni, ngakhale ogulitsa maluwa, onse anayamba kugula mamailosi kuti azikopera anthu. Ku Britain kunabwera Air Miles mu 1988, imene munthu ankakolola pogula zinthu asanakwere ndege.

Ndalama ikasindikizidwa yambiri imagwa mphamvu. Mu 1988 makampani a ku America analimbirana anthu popereka mamailosi katatu pa ulendo umodzi. Atazindikira kukula kwa ngongole imene adziunjikira, ena anaika lamulo lakuti mamailosi azifa pakatha zaka zitatu, ndipo mu 1995 tikiti yaulere ya m'dziko momwemo inakwera kuchoka pa mamailosi 20,000 kufika pa 25,000. Ochenjera nawo sanagone. Mu 1999 injiniya wina wa ku California, David Phillips, anaona kuti kampani ya zakudya ya Healthy Choice ikupereka mamailosi kwa aliyense wotumiza zizindikiro za pa mapaketi ake. Anagula timakapu 12,150 ta phala lotsekemera la chokoleti pa mtengo wa madola pafupifupi 3,140. Phala lambiri analipereka kwa a Salvation Army kuti amuthandize kumatula zizindikirozo, ndipo analandira mamailosi oposa 1.2 miliyoni ali pansi. Pofika mu 2005 magazini ya The Economist inawerengera kuti mamailosi osagwiritsidwa ntchito padziko lonse anali pafupifupi 14 thililiyoni, ndi kuti mtengo wake unaposa wa madola onse, amapepala ndi achitsulo, amene anali m'manja mwa anthu.

Mu 1997 makampani asanu, United, Lufthansa, Air Canada, SAS ndi Thai Airways, anapanga mgwirizano wa Star Alliance wolola munthu kukolola mamailosi pa ndege ya kampani ina n'kukawadyera pa ina. Oneworld inatsatira mu 1999, SkyTeam mu 2000. M'zaka zomwezi nkhaniyi inayandikira kwathu kuno. South African Airways inayamba Voyager mu 1994, Ethiopian Airlines inayambitsa ShebaMiles mu 1999, ndipo Kenya Airways, chifukwa cha ubale wake ndi KLM, inkagwiritsa ntchito ndondomeko ya kampani ya ku Holland ija, imene mu 2005 inasanduka Flying Blue, mpaka pamene inatsegula yakeyake, Asante Rewards, mu 2023. South African Airways inalowa mu Star Alliance mu 2006, Ethiopian mu 2011. Makampani atatuwa ndi amene kwa zaka zambiri akhala akutitulutsa m'dziko muno kudzera ku Johannesburg, Nairobi ndi Addis Ababa. Air Malawi, imene inabadwa mu 1964, itaima mu 2013, m'malo mwake munabwera kampani yatsopano mu Januwale 2014 imene Ethiopian inatengamo magawo 49 pa 100 alionse, ndipo okwera ndege zake anayamba kulembetsa ShebaMiles.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandikhudza monga wogwira ntchito m'boma. Ine ndili m'gulu la amene mwayi wa ulendo wakunja umatigwera kamodzi pa zaka zitatu kapena zinayi, kosi ya masabata awiri kapena msonkhano wa masiku atatu. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi mamailosi osafika 1,000, ndiye kwa anthu ngati ife manambala amafa asanafike pogula chilichonse. Koma m'maofesi muli ena amene sutikesi yawo siipakulidwa, ndipo pa iwo pamabuka funso. Tikiti yagulidwa ndi msonkho wa mlimi wa fodya ndi wa mphunzitsi wa kumudzi, nanga basela wake ndi wa yani? Mukatuma mwana kumsika, basela amabwera naye kunyumba kapena amadyera panjira?

Maiko ayankha funsoli mosiyana. Ku America kwa zaka zambiri mamailosi a ulendo wa boma anali katundu wa boma, mpaka mu Disembala 2001 pamene lamulo linalola ogwira ntchito m'boma kuwasunga ngati awo. Ku Germany zinalowera kwina. Mu 2002 zinaululika kuti andale ena ankagwiritsa ntchito mamailosi a Lufthansa, opezeka pa maulendo a ntchito ya uphungu, pa maulendo awoawo ndi a abale awo, pomwe malamulo a nyumba ya malamulo ankati mamailosiwo azithandiza pa maulendo a ntchito. Gregor Gysi, amene panthawiyo anali nduna ya zachuma m'boma la mzinda wa Berlin, anatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyi. Mu 2006 khoti lalikulu loona za ntchito m'dzikomo linagamula kuti wolemba ntchito amene walipira ulendo ali ndi ufulu wolamula kuti mamailosiwo agwire ntchito ya kampani. Dziko la Norway linafika poletsa kupereka mapointi pa maulendo a m'dziko momwemo kuyambira 2002 mpaka 2013, poona kuti amamangirira anthu ku kampani yaikulu n'kutsekereza makampani ang'onoang'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti nyambo imapinda maganizo a wosankha. Ofisala amene watsala pang'ono kufika pa golide angathe kupeza zifukwa zokomera ndege yodula, njira yozungulira, hotela yopereka mapointi, ngakhalenso ulendo umene kalata ikanakwanira. Tonse tikudziwa mmene maalawansi amachulukitsira misonkhano ya kunyanja. Mamailosi ndi alawansi ina, yosaoneka pa risiti iliyonse. Mankhwala ake si ovuta. Wosankha ndege asakhale wokwerayo, tikiti yotsika mtengo ndiyo izigulidwa, ndipo malamulo a maulendo azinena poyera kuti basela ndi wa yani. Ena anganene kuti munthu wosiya banja lake n'kumagona pa mabenchi a mabwalo a ndege ayenera kachipepeso. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo wolemba ntchito akagwirizana nayo ailembe kuti aliyense aidziwe, monga anachitira a ku America. Choipa ndi chinthu chodyera mumdima.

Kusintha kwakukulu kwachiwiri kunachitika mu 2015. Pofika nthawiyo fuwa loyamba lija linali litagumuka. Makompyuta anaphunzitsa makampani kudzaza ndege, moti ku America mipando yoposa isanu ndi itatu mwa khumi inkakhala ndi anthu. Mpando waulere unasanduka mpando umene ukanagulitsidwa. Makampani anaonanso kuti munthu wa tikiti yotchipa akukolola zambiri pongotsamira kutalika kwa mtunda. Pa 1 Januwale 2015 Delta inasiya kuwerenga mtunda n'kuyamba kuwerenga ndalama: membala wamba mamailosi 5 pa dola iliyonse, wa gulu lapamwamba kwambiri 11. United inatsatira mu Malichi chaka chomwecho, American mu 2016, ndipo Voyager ya ku South Africa nayo inasintha chimodzimodzi mu 2015. Tiyerekeze motere. Kuchoka ku New York kupita ku Los Angeles ndi kubwerera ndi mamailosi pafupifupi 5,000, ndipo kale ngakhale wa tikiti yotchipa ankalandira 5,000 amenewo. Pa lamulo latsopano membala wamba wa tikiti ya madola 400 amalandira 2,000, pomwe wa tikiti ya madola 2,000 amalandira 10,000. Dzina la mailo linatsala, koma mtunda unachokamo. Mphoto inachoka kwa woyenda kwambiri kupita kwa wolipira kwambiri. Mu Epulo 2025 British Airways nayo inamangirira ulemu wa siliva ndi golide ku ndalama: golide anafuna mapointi 20,000, pa muyeso wa pointi imodzi pa paundi imodzi.

M'chaka chomwecho cha 2015 Delta inachotsa mndandanda wa mitengo ya mphoto uja. Hilton inachita zomwezo mu 2017, United mu 2019, Marriott mu 2022. Kuyambira pamenepo mtengo wa tikiti kapena chipinda m'mapointi unayamba kukwera ndi kutsika monga ifunira kompyuta, ndipo wosunga sadziwanso chimene akusungira. Ife Amalawi sitifunika mphunzitsi pa nkhani ya kugwa kwa ndalama. Tinaona kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, kenaka ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma kwacha ikagwa Reserve Bank imalengeza, manyuzipepala amalemba, aphungu amafunsa mafunso. Mapointi amagwa mwakachetechete. Amene amawasindikiza ndi yemweyo amene amaika mitengo ya katundu, ndipo sitolo yowalandira ndi yake yomwe.

Nanga wodandaula angathawire kuti? Zikalata zimene timavomereza osawerenga zija kawirikawiri zimati mapointi si katundu wa membala ndipo kampani ingasinthe malamulo nthawi ina iliyonse. Mtsogoleri wina wa chipembedzo cha Chiyuda ku Minnesota, Binyomin Ginsberg, anachotsedwa m'ndondomeko ya Northwest Airlines mu 2008, kampaniyo ikuti amadandaula mopitirira muyeso pofuna chipukutamisozi. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dziko la America, ndipo mu 2014 oweruza onse asanu ndi anayi anagamula mokomera kampaniyo. Kampani ikagwa ndiye zinthu zimaipiratu. Ansett ya ku Australia itagwa mu 2001, mamembala ake anadzuka mapointi awo atasanduka mphepo, ndipo mamembala a Air Berlin anakumana ndi mavuto ofanana mu 2017. Wosunga ndalama kubanki amakhala ndi malamulo omuteteza. Wosunga mamailosi amangodalira moyo wa kampani ndi chifundo chake.

Kumahotela nako nsomba zazikulu zinameza zazing'ono. Mu 2014 Marriott inagula dzina la mahotela a Protea a ku South Africa, ndipo m'njira imeneyi hotela yakale ya Ryalls ku Blantyre inalowa m'banja la Marriott. Mu 2016 inagula Starwood pa madola oposa 13 biliyoni, ndondomeko zawo n'kuziphatikiza mu 2018 ndi kuzitcha Bonvoy mu 2019. Pofika 2024 mamembala ake anaposa 200 miliyoni. Wopikisana nawo wamkulu wa mahotela anasanduka makampani a pa intaneti monga Booking.com ndi Expedia, amene amadula gawo lawo pa chipinda chilichonse chosungitsidwa kudzera mwa iwo. N'chifukwa chake mahotela akuluakulu sapereka mapointi kwa wodzera kumeneko. Mapointi anasanduka mpanda wotsekera mkhalapakati. Fuwa lachitatu lija, la maina, linaonetsa kuopsa kwake mu Novembala 2018, pamene Marriott inaulula kuti akuba a pakompyuta anakhala akulowa m'kaundula wa Starwood kuyambira 2014 n'kufikira mbiri za alendo mamiliyoni mazanamazana, kuphatikizapo manambala a mapasipoti. Khadi limene timati ndi laulere timalilipira ndi zinsinsi zathu.

Chimene ndondomekozi zasanduka chinaonekera poyera pa mliri wa Covid-19. Mu 2020 ndege zitaima makampani anafuna ngongole, ndipo chikole chimene obwereketsa anachikonda kwambiri chinali ndondomeko za mamailosi. United inabwereka madola 6.8 biliyoni poikiza MileagePlus, imene inaiwerengera mtengo wa madola pafupifupi 22 biliyoni, pa nthawi imene kampani yonse pa msika wa masheya inali ya pafupifupi theka la ndalama imeneyo. Delta inabwereka madola 9 biliyoni poikiza SkyMiles, American inabwereka 10 biliyoni mu 2021. Mu 2023 mokha American Express inapereka madola 6.8 biliyoni kwa Delta chifukwa cha makhadi a mamailosi. Air Canada, imene inayamba kugulitsa Aeroplan mu 2005, inazindikira kuti yagulitsa ng'ombe yamkaka ndipo inaiwombola mu 2019. Basela anakula kuposa mulu wa tomato. Mu Seputembala 2024 unduna wa zamtengatenga ku America unalamula makampani anayi akuluakulu, American, Delta, Southwest ndi United, kuti afotokoze mmene amachepetsera mphamvu ya mapointi ndi mmene amaikira mitengo yake.

Tikayang'ana ulendo wonsewu tikuona kuti lonjezo la 1981 linali lomveka: tikhulupirire, uziuluka nafe, ndipo ukakwanitsa mtunda wakuti tidzakupatsa chakuti. Lero lonjezolo lilibe nambala yokhazikika, ndipo wokondedwa ndi amene ali ndi thumba lakuya kapena khadi la banki. Sindikunena kuti mapointi ndi oipa. Abale athu ochita malonda ku Johannesburg, Dubai ndi Guangzhou, ngakhalenso amene ali ku Britain ndi ku Ireland obwera kudzaona makolo, angathe kupindula nawo, kaya pa makilogalamu owonjezera a katundu kaya pa tikiti ya mwana. Kulembetsa sikulira ndalama, ndipo chimene wapatsidwa pa ulendo umene ukanayenda kale ndi phindu.

Koma mbiriyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, palibe wanzeru amene amagula mulu wodula chifukwa cha basela. Tikiti, chipinda, ngakhale mayunitsi a pafoni, tiziyamba taona mtengo wake weniweni, bonasi ibwere pambuyo. Chachiwiri, mapointi si chimanga choti n'kuika m'nkhokwe kudikira njala. Mbiri yawo kuyambira pa masitampa mpaka lero ikuonetsa kuti amachepa mphamvu zaka zikamapita, ndipo mwini wake angawasinthe usiku umodzi osakufunsani. Akakwana pogula chinthu, gulani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.